Mwana wa mlongo wanga akufuna kuyeza nkhalango ndi masamu: kodi ntchito imeneyi ilipodi?

A Banda, Chatoloma

Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino, makamaka akuluakulu amene mwakhala mukutithandiza maganizo pa maphunziro a ana athu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano. Mwana wa mlongo wanga, amene ndakhala ndikumulipirira sukulu kuchokera pamene bambo ake anamwalira, ali m'chaka chachitatu ku yunivesite, kumene akuphunzira masamu ndi statistics. Ife pabanja tinali titakhazika mtima pansi kuti akamaliza adzalowa ntchito kubanki kapena kukampani ya inshuwalansi, popeza ndi kumene timamva kuti anthu a masamu amafunidwa. Koma atabwera kutchuthi chapitachi anandiuza kuti mtima wake uli pa kafukufuku wa zachilengedwe, ndipo akufuna kudzagwiritsa ntchito masamu akewo poyeza mmene nkhalango zikuthera, kumene nyama zimadutsa, ndiponso malo amene ayenera kutetezedwa. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya fodya kwa zaka zambiri, ndipo masamu amene ndimawadziwa ndi a makilogalamu, mabelo ndi malipiro a matenanti. Sindikumvetsa kuti masamu ndi mitengo ya m'tchire zimakumana pati. Monga mwini mbumba sindikufuna kumuletsa chinthu chimene sindikuchidziwa, komanso sindikufuna kumuonerera akulowa njira yosatulukira. Ngati muno muli wina amene amaidziwa ntchito imeneyi, ndikupempha kuti atifotokozere mosabisa, zokoma ndi zowawa zomwe.

Aphunzitsi a Mwale

A Banda, mwachita bwino kubweretsa nkhaniyi pagulu. Ine ndimaphunzitsa masamu ku sekondale ya masana, ndipo ana ambiri amandifunsa funso lomweli, lakuti masamu angawafikitse kuti kupatula kubanki ndi m'kalasi. Muno tili ndi mayi Nambewe amene ntchito yawo ndi imeneyi, choncho ndikuwapempha kuti atitsegule m'maso tonse.

Nambewe

Zikomo aphunzitsi pondiitana, ndipo a Banda ndikuthokozeni chifukwa chofunsa musanagamule, pakuti amalume anga ine anagamula kaye n'kudzafunsa patapita zaka. Kwathu ndi kufupi ndi Santhe, ndipo ntchito imene mwana wanuyo akuilakalaka ndi imene ndakhala ndikudyera kwa zaka zoposa khumi. Ndiyambira pomwe mwafunsapo, kuti masamu ndi mitengo zimakumana pati.

Mukayeza chonde cha nthaka pakati pa munda wanu, kenaka n'kuyezanso pa mtunda wa mapazi khumi kuchokera pamenepo, zotsatira zake zimakhala zofanana kwambiri. Mukakayeza ku Nkhamenya zimasiyanako, ndipo mukakafika ku Nsanje ndiye palibenso chibale. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi osapita kusukulu. Katswiri wina wa mapu wa ku America, Waldo Tobler, anazilemba mu 1970 monga lamulo, kuti zinthu zonse n'zogwirizana, koma zoyandikana zimagwirizana kwambiri kuposa zotalikirana. Nthambi ya masamu imene pa Chingerezi amati spatial statistics, imene ine ndikamafotokozera abale anga ndimangoti masamu a malo, yaima pa mfundo imeneyi. Ntchito yake ndi kuyeza kuti kufananako n'kwakukulu motani, kumathera pa mtunda wautali bwanji, ndiponso kuti tingakugwiritse ntchito bwanji poyerekeza zimene zili pamalo amene sitinapondepo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti njira imodzi imene timaidalira kwambiri inachokera kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, komwe agogo athu ambiri anapita pa Wenela. Injiniya wina wa kumeneko, Danie Krige, anali ndi vuto lakuti sakanatha kukumba paliponse kuti adziwe kuchuluka kwa golide pansi pa nthaka. Anali ndi zotsatira za malo ochepa chabe amene anayezedwa, ndipo mu 1951 anasindikiza njira yoyerekezera zimene zili m'mipata ya pakati pa malowo. Mfalansa wina, Georges Matheron, anaikonza bwino njirayo m'zaka za m'ma 1960 n'kuitcha kriging pomulemekeza. Lero ife timaigwiritsa ntchito pa mitengo, pa nthaka ndi pa mvula. Taganizani za paki yathu ya Kasungu, imene kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 2,300. Palibe munthu amene angawerenge mombo ndi mtondo uliwonse mmenemo. Timasankha timalo tochepa tomwazikana, timayeza kunenepa kwa thunthu la mtengo uliwonse pa msinkhu wa pachifuwa, umene ndi mamita 1.3 kuchokera pansi, timalemba mtundu wake ndi pamene uli pogwiritsa ntchito GPS, ndipo masamu ndi amene amatithandiza kudzaza mipata yotsalayo. Chimene anthu ambiri amachiiwala n'chakuti njira imeneyi imatulutsa mapu awiri, oyamba osonyeza zimene tikuyerekeza kuti zilipo, achiwiri osonyeza malo amene kuyerekeza kwathuko n'kokayikitsa. Mwa zimene ndaona ine, akuluakulu a m'maofesi amapachika pakhoma mapu oyambawo, achiwiriwo n'kuwasiya m'kabati, chonsecho achiwiriwo ndi amene amanena kumene tiyenera kubwererako ndi tepi yoyezera.

Aphunzitsi a Mwale

Mayi Nambewe, ndiloleni ndione ngati ndamva bwino, chifukwa pali chinthu chimene chikundivuta monga mphunzitsi. Ndikapereka mayeso kwa ana 60, koma atatu aliwonse okhala pa desiki imodzi n'kumaonerana, ndiye kuti mapepala ndili nawo 60 pamene mayankho enieni ndi 20 okha. Ndikawerengetsa ngati kuti mwana aliyense analemba payekha, ndidzinamiza kuti kalasi yanga ndikuidziwa bwino kuposa mmene ndikuidziwira. Kodi timalo tanu toyandikanato sitionerana chimodzimodzi? Ndikufunsa chifukwa zimene timaphunzitsa ife zimatenga chinthu chilichonse choyezedwa ngati choima pachokha.

Nambewe

Aphunzitsi, mwalasa pamtima penipeni pa phunziroli, ndipo chitsanzo chanu cha desiki ndichibwereka pokaphunzitsa ena. Timalo toyandikana timaoneranadi. Patrick Moran wa ku Australia anatulutsa mu 1950 muyeso umene mpaka lero timayezera kuoneranako, ndipo mu 1984 Stuart Hurlbert anadzudzula akatswiri anzake a zachilengedwe posonyeza kuti kafukufuku wambiri wosindikizidwa ankawerenga mayankho oonerana ngati oima paokha. Apa ndi pamene mwana wa a Banda ali ndi mwayi. Anthu ambiri amene timagwira nawo ntchito anaphunzira za zomera ndi nyama, masamu n'kudzawapeza mochedwa ndiponso mowaopa. Munthu amene akubwera atawadziwa kale masamu amasowa m'ntchito imeneyi.

Agogo a Tembo

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma poti mwatchula paki ndiyenera kuikapo mlomo, chifukwa ndinagwiramo ntchito yolondera nyama mpaka ndinapuma. Zimene mukuzitcha zatsopanozi zinayamba kale ku Kasungu kuno makompyuta asanafale. Akatswiri awiri, Richard Bell ndi Hugo Jachmann, anachita kafukufuku wa njovu m'paki muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1984 anasindikiza zimene anapeza pa njira yowerengera njovu pogwiritsa ntchito ndowe zake. Ine ndinadzalowa ntchito pambuyo pawo, koma njirayo ndinaipeza ikudziwika. M'nkhalango ya mombo njovu imatha kubisala ngakhale kwa munthu amene ali m'ndege, koma ndowe sizithawa. Umayenda mzere woongoka motsogozedwa ndi kampasi, osapatukira chulu kapena minga, n'kumawerenga milu imene ukuiona. Kenaka uyenera kudziwa kuti njovu imodzi imataya kangati pa tsiku, ndipo ndi koposa kakhumi, komanso kuti mulu umodzi umatenga masiku angati kuti chiswe, dzuwa ndi mvula ziuthe. Ukalakwitsa pa masiku amenewo, chiwerengero chonse cha njovu chimalakwika, ngakhale utayenda mokhulupirika chotani.

Ziwerengero zimene zinalengezedwa zimati m'zaka za m'ma 1970 munali njovu pafupifupi 1,200, ndipo pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50, mpaka mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kuchepako ife tinakuona ndi maso, sitinachite kuuzidwa ndi pepala. Koma ndili ndi chenjezo limodzi kwa mdzukulu wathuyo. Tsiku lina kunabwera mnyamata wophunzira ndi mapu okongola osonyeza kuti misampha yawaya yachuluka m'mbali mwa misewu ndi pafupi ndi makampu athu, ndipo iye anati opha nyama mozemba amakonda malo amenewo. Tinamuleza mtima mpaka anamaliza, kenaka tinamuuza kuti mapu akewo akusonyeza kumene miyendo yathu inkafika, osati kumene misampha inali. Kumene sitinkafikako, chifukwa cha kutalika kapena madzi a m'madambo, mapu ake ankati kulibe vuto.

Nambewe

Agogo, zimene mwanenazi zimaphunzitsidwa m'makalasi a digiri yachiwiri, ndipo inu munaziphunzira ndi nsapato. Mankhwala ake ndi oti tizilemba osati zokhazo zimene zapezeka, komanso mtunda umene wayendedwa ndi malo amene munthu wafika osapeza kanthu. Msampha umodzi pa makilomita awiri ndi nkhani yoopsa kuposa misampha khumi pa makilomita zana. N'chifukwa chake masiku ano alonda a m'mapaki ambiri amayenda ndi makina olemba njira yonse imene adutsa.

Ndionjezepo za zithunzi za setilaiti, poti ndizo zimadya nthawi yanga yambiri. Setilaiti yoyamba ya Landsat inaponyedwa mumlengalenga mu 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake zimatengedwa kwaulere pa intaneti, moti wophunzira wa ku Kasungu akhoza kuona mmene dera lake linkaonekera makolo ake ali ana. Pa zithunzi zimene timagwiritsa ntchito kwambiri, kabokosi kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, kutanthauza kuti ekala imodzi ndi timabokosi tinayi ndi theka basi. Sentinel-2 ya ku Ulaya, imene inayamba mu 2015, imafika pa mamita 10. Mukayala zithunzi za zaka zotsatizana mumaona mmene maesiteti a fodya anatambasukira, mumaona mmene nkhalango ya Chimaliro yasinthira, ndipo malire a paki amaoneka ngati munthu anachita kuwalemba ndi rula, mbali iyi mitengo, mbali iyo minda. Koma nkhalango zathu zimapusitsa makina. Mombo umayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukira ofiira mvula isanagwe, lupsa limadetsa nthaka, ndipo m'dzinja mitambo imaphimba zonse. Munthu wosadziwa akafananiza chithunzi cha mwezi wa May ndi cha September akhoza kulengeza kuti nkhalango yatha pamene palibe nkhwangwa imene yalira.

A Nkhoma, kwa Chulu

Ndikupepesa kuti ndisokoneza kukoma kwa nkhaniyi, koma ine ndine mlimi wokhala moyandikana ndi paki, ndipo mapu amene mukuwatamandawa kwa ife safika ngati nkhani yabwino. Zaka zingapo zapitazo kunabwera anthu a bungwe lina, amene sindiwatchula, kudzatithandiza kukhazikitsa nkhalango ya m'mudzi. Anabwera ndi mapu osindikiza kale, ndipo pa mapuwo tsala la mayi anga, limene tinaligoneka kwa zaka zisanu ndi chimodzi kuti nthaka ibwerere, linali litapakidwa mtundu wobiriwira monga nkhalango. Mitengo inalidi itaphukira kuchokera m'zitsa, zimenezo sindikukana, koma malowo anali munda, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa mwini wake. Zinatitengera misonkhano itatu kwa anyakwawa kuti tsalalo lichotsedwe pa mapu, ndipo pa misonkhano yonseyo pepala linkalemekezedwa kuposa mawu a nkhalamba zimene zinalima pamalopo. Za njovu ndiye sindiyamba n'komwe, chifukwa amene anagonapo m'munda akuimba zitini usiku wonse akudziwa. Tsono ndikufunsa mayi Nambewe kuti, pamene masamu anuwo asankha malo oti atetezedwe, kodi munthu amene amadya pamalopo amalowa pati m'masamumo? A Banda, ine ndikanakhala inu ndikanamufunsa mwanayo funso limeneli ndisanamufunse za malipiro.

Nambewe

A Nkhoma, simunasokoneze, ndipo sindiyesa kuteteza anthu amenewo, chifukwa cholakwa chomwecho ndinachichitapo inenso. Pa ntchito yanga yoyamba ndinalemba dambo lina kuti ndi nkhalango yowonongeka yofunika kudzalamo mitengo, poona kuti pa chithunzi panalibe mitengo pamene mbali zonse inalipo. Mayi wina wachikulire ndi amene anandifunsa ngati ndinamvapo za mtengo wa mombo womera m'madzi. Dambolo linali dambo chilengedwere, ndipo kudzalamo bulugama kukanaumitsa zitsime ndi madimba a mudzi wonse. Setilaiti imaona kubiriwira, koma siona mwini malo, siona tsala, ndipo sisiyanitsa mitengo ya bulugama ndi nkhalango yachilengedwe pokhapokha munthu ataiphunzitsa ndi zitsanzo zotengedwa pansi. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti mapu asatuluke asanayesedwe poyenda pamalo enieniwo, ndipo amene anabwera kwanuko ndi mapu osindikiza kale anadumpha sitepe imeneyi.

Pa funso lanu lenileni, yankho loona ndi lakuti munthu amalowamo ngati wopanga masamuwo wamulowetsa. Pali pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Marxan, imene inapangidwa ku Australia ndi Ian Ball ndi Hugh Possingham. Mumaigawira dera m'zidutswa zambirimbiri, mumaiuza zamoyo zimene zili m'chidutswa chilichonse, mumaiuza kuchuluka kwa zimene mukufuna kuteteza, kenaka mumaiuza mtengo wake wa chidutswa chilichonse, kutanthauza zimene zingatayike pochiteteza, ndipo iyo imafufuza kasankhidwe kokwaniritsa cholingacho motchipa. Inathandiza pogawanso nyanja ya Great Barrier Reef ku Australia komweko mu 2004, pamene malo oletsedwa kusodza anakwera kuchoka pochepera magawo 5 kufika pafupifupi magawo 33 pa 100 aliwonse. Nkhani yagona pa mawu akuti mtengo. Wina akhoza kulemba mtengo monga kukula kwa malo basi, ndipo pamenepo munda wa mayi anu ndi thanthwe lopanda ntchito zimakhala zofanana. Wina akhoza kulemba matumba a chimanga amene banja litaye, nkhuni, bowa, masuku, udzu wofolera ndi msipu wa ng'ombe, ndipo mapu otuluka amakhala ena. Kompyuta siisankha pakati pa njira ziwirizi. Mu December 2022 mayiko anagwirizana ku Montreal kuti pofika 2030 magawo 30 pa 100 aliwonse a mtunda ndi nyanja akhale otetezedwa, ndipo Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika chaka chomwecho. Mapu amenewa ajambulidwa, tifune tisafune. Ine ndingakonde kuti wowajambula akhale munthu wodziwa tanthauzo la tsala.

A Nkhoma, kwa Chulu

Ndamva, ndipo ndikuyamikira kuti mwavomera cholakwa chanu poyera, zimene si kawirikawiri kwa anthu ophunzira. Komabe sindinakhutire kwenikweni. Amene anabwera kwathu aja analinso ana a m'dziko lomwe lino, oyankhula Chichewa ngati ife, ndipo tsala ankalidziwa. Chimene chinawavuta n'chakuti amene ankawalipira ankafuna mahekitala ochuluka pa lipoti. Mwana wa a Banda adzakumana ndi zomwezo, ndipo kubadwira ku Kasungu pakokha sikudzamuteteza.

Agogo a Tembo

A Nkhoma akunena zoona, koma ndikumbutseko kuti kafukufuku anathandizapo anthu a m'mbali mwa paki. Simon Munthali ndi mnzake Mughogho anasindikiza mu 1992 zimene anapeza pa phindu limene anthu oyandikana ndi paki ya Kasungu angapeze potola matondo ndi poweta njuchi m'pakimo. Amenewo anali Amalawi, ndipo funso lawo linali lakuti munthu wa kumudzi apindula chiyani ndi nkhalango imene akuuzidwa kuti asaidule. Choncho ofufuza sakhala a mtundu umodzi.

A Banda, Chatoloma

Ndathokoza nonse, ndipo tsopano ndikuona kuti si masewera monga ndinkaganizira. Funso la a Nkhoma ndimufunsadi. Koma mundikhululukire, ine ndine amene ndagulitsa ng'ombe ziwiri chifukwa cha sukulu ya mwanayu, ndipo kumbuyo kwake kuli ang'ono ake atatu. Mayi Nambewe, kodi ntchito imeneyi imalemba ndani, ndipo munthu amayenda njira yotani kuti afike pamene mwafika inupo?

Nambewe

A Banda, pamenepa sindikupakani mafuta. Kubanki malipiro amayamba msanga ndipo amabwera mwezi ndi mwezi. Kuno zaka zoyambirira zimakhala zowawa, chifukwa ntchito zambiri ndi za makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, zodalira thandizo lakunja, ndipo thandizolo likaima ntchito imaimanso. Ine ndinakhalapo miyezi isanu ndi iwiri pakhomo pakati pa makontirakiti awiri, ndikuphunzitsa ana masamu kuti ndipeze ya sopo. Ntchito zokhazikika zili m'boma, ku nthambi ya zankhalango, ku nthambi ya mapaki ndi nyama zakutchire, kwa oyeza malo, ku likulu la kafukufuku wa zankhalango ku Zomba, ndi m'mayunivesite, koma mipata yake imatuluka patalipatali. Chimene chimapulumutsa munthu wa masamu a malo n'chakuti luso lake silimangika ku mitengo yokha. Njira zomwezo ndi zimene amajambulira mapu a malungo ndi kolera, a chonde cha nthaka, a madera osefukira madzi, ngakhalenso kalembera wa malo a makolo pansi pa lamulo la 2016. Anzanga ena amene tinayambira limodzi kunkhalango lero ali ku zaumoyo, ndipo sanafunike kuyambiranso sukulu.

Njira yake ndi iyi mmene ndikuionera. Amalize kaye digiri yake ya masamu ndipo akhoze bwino, asaisiye pakati chifukwa chotengeka mtima. Pa nthawi yomweyo aphunzire yekha mapulogalamu awiri aulere, R ndi QGIS, amene amagwira ngakhale pa laputopu yakale. Za zomera ndi nyama adzaziphunzira pa digiri yachiwiri ndiponso m'tchire momwemo. Kuno kwathu maphunziro a zankhalango ndi zachilengedwe ali ku Bunda ndi ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo ku Dedza kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire kumene amaphunzira ambiri mwa anthu amene adzayende nawo. Kunja kuli sukulu ya masamu ya AIMS, imene inayamba mu 2003 ku Cape Town ndipo imatenga ophunzira a mu Africa powalipirira zonse, komanso kuli maphunziro olipiriridwa a Commonwealth ndi a DAAD a ku Germany. Digiri yachiwiri asadzailipire ndi ng'ombe zanu, chifukwa wophunzira wa masamu wokhoza bwino ali ndi mwayi wopeza omulipirira, ngakhale kuti mwina adzafunsira kangapo asanatengedwe. Possingham amene ndamutchula uja digiri yake yoyamba inali ya masamu ku Adelaide, anali munthu wokonda kuonerera mbalame, anakatenga udokotala ku Oxford mu 1987, ndipo mu 2016 anakhala mkulu wa asayansi ku bungwe la The Nature Conservancy. Sindikunena kuti aliyense amafika pamenepo, ndikungosonyeza kuti khomo lolowera kudzera ku masamu ndi lodziwika.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena poti mwanayo ndi wamkazi. Ntchito ya kutchire imafuna kugona m'matenti kwa masabata, nthawi zambiri uli mkazi mmodzi pakati pa amuna, ndipo pobwera kumudzi umapeza anthu atakupekera nkhani. Banja likamuima kumbuyo zimapepuka kwambiri.

Tadala

Amalume anga a Banda andilowetsa m'gulu lino kuti ndidziwerengere ndekha, ndipo ndikuthokoza makolo nonse chifukwa cha nthawi yanu. Bambo Nkhoma, funso lanu ndilibe yankho lake lokwanira, ndipo sindinama kuti ndinali nditaliganizirapo mozama chotere. Chimene chinandikopa ine n'chaching'ono. Nditatsegula zithunzi za setilaiti za kwathu ku Chatoloma ndinaona timadontho tobiriwira tomwazikana pakati pa minda, ndipo nditatiyang'anitsitsa ndinazindikira kuti tambiri ndi manda. Ndinadabwa kuti mitengo yachilengedwe imene yatsala m'dera lathu ikusungidwa ndi mwambo, popanda mlonda kapena mpanda. Chaka chamawa ndiyenera kuchita kafukufuku womalizira digiri, ndipo ndimaganiza zoyeza kukula kwa nkhalango za kumanda zimenezi, kutalikirana kwake, ndi mmene zasinthira pa zaka makumi atatu. Mayi Nambewe, kodi limeneli ndi funso loyenera, kapena ndi laling'ono kwambiri?

Nambewe

Tadala mwana wanga, funsolo si laling'ono, ndipo lili ndi mizu yakuya m'sayansi imeneyi. Mu 1967 Robert MacArthur ndi Edward Wilson anafotokoza kuti chilumba chachikulu ndiponso choyandikira kumtunda chimasunga mitundu yambiri ya zamoyo kuposa chaching'ono ndi chakutali, ndipo akatswiri anadzaona kuti kankhalango kozunguliridwa ndi minda kamakhala ngati chilumba. Manda ako ndi zilumba zimenezo, ndipo paki ndi Chimaliro ndiye mtunda waukulu. Uchenjere ndi zinthu ziwiri. Manda ambiri ndi aang'ono moti pa Landsat adzakhala timabokosi towerengeka, choncho kusintha kwakung'ono sudzakuona bwino, ndipo pa zaka zaposachedwa udalire Sentinel-2. Chachiwiri, usatenge kadontho kalikonse kobiriwira ngati manda, chifukwa ena adzakhala mango a pabwinja kapena bulugama wa pasukulu. Usankhe madontho ena mwamaere, osati okhawo a m'mbali mwa msewu wa M1, ukawaone ndi maso, kuti usabwereze za mnyamata wa agogo a Tembo uja. Ukatumiza dongosolo lako kudzera kwa amalume ako ndidzaliwerenga.

A Nkhoma, kwa Chulu

Mwanawe, pamenepa wandigwira mtima pang'ono, chifukwa wayamba ndi chinthu chimene anthu akuchisunga okha m'malo moyamba ndi chimene ukufuna kuwaletsa. Koma mayi Nambewe aiwala chenjezo lachitatu, limene ndi lalikulu kuposa awiriwo. Kumanda sikulowedwa ndi tepi ndi GPS ngati kumunda. Malo ambiri amenewo ndi dambwe, ndipo iwe monga mwana wamkazi ukudziwa wekha kuti pali malire amene sungadumpe. Uyambire kwa anyakwawa, upite ndi amalume ako, ufotokoze chimene ukufuna, ndipo ukaloledwa uyende m'mphepete mokha, za m'katimo akuuze eni ake zimene angafune kukuuza. Uwauzenso poyambirira kuti mapu ako adzapita kwa yani, chifukwa mudzi wina sudzafuna kuti malo awo aikidwe pa intaneti, ndipo ukakanizidwa usakakamire. Ukafuna kuyesera kwathu kuno, ubwere mwezi wa August tikatha kukolola, ndidzakuperekeza kwa anyakwawa athu, ndipo ndidzakuonetsanso tsala la mayi anga lija kuti uone ngati makina ako angalisiyanitse ndi nkhalango.

A Banda, Chatoloma

A Nkhoma, August ali bwino, ndipo ndidzabwera naye ndekha pa njinga yamoto. Za kubanki sindinazichotse mumtima, ndipo ndamuuza kuti akamaliza adzafunsire mbali zonse ziwiri, tidzaone kumene kudzayambe kuyankha. Mayi Nambewe, ndikutumizirani nambala yanga kumbali kuti mundiuze mtundu wa laputopu imene ingakwanitse mapulogalamu mwatchulawo, chifukwa imene ali nayo panopa imazima yokha ikatentha.